Madontho a Pachubu

Inu, mukanamuona Carla Lachiwiri lija! Aphunzitsi athu a sayansi anali atabwereka chubu cha njinga kwa wakabaza wina pa Muloza, n'kulembapo madontho ndi choko. Akuti dontho lililonse ndi mlalang'amba, gulu la nyenyezi zosawerengeka.

Anayamba kupopa. Chubu chikufufuma, madontho aja n'kumatalikirana.

"Thambo likukula chonchi," anatero aphunzitsi. "Milalang'amba ikuthawana. Yakutali kwambiri kuwala kwake kudzaleka kutifika, ndipo sitidzaionanso."

Paja bambo ake a Carla atapita ku Mozambiki anayamba ndi ku Milange, kenako ku Mocuba, pano akuti ali ku Nampula, ndipo atha miyezi itatu osaimba foni.

"Aphunzitsi, nanga imene yapita kale kutaliyo, imabwerako?" anafunsa Carla.

"Ayi mwanawe, imangopitirira."

"Ngati bambo ake," ananong'ona Tamanda, wapakamwa posatseka uja. Mzere wonse wakumbuyo unafa nako kuseka.

Aphunzitsi anagwiranso pampu. Carla anadzuka n'kukamasula valavu. Mpweya uja, fyuu!

"Iwe, ukutani?" anafunsa aphunzitsi.

Carla ankangoyang'ana madontho aja akuyandikirana pang'onopang'ono.