Katoni Yopanda Mwala

Katoni ya khumi ndi chiwiri inalibe mwala.

Nkhono adaigwedeza, adaizondotsa, adapisamo mutu. Pakauntala ya golosale panali mpunga, mkaka wa ufa, machesi, sopo wodulidwa pakati ndi zitini zinayi zazikulu za zipatso. Mwala wokha ndiwo unasowa.

Dzina la Nkhono adalitola m'njira chifukwa cha chikwama chake ndi kayendedwe kake. Miyezi iwiri inali itatha akuyenda wapansi m'mapiri. Ulendowo sunali wake. Adaukonza ndi mkulu wake, amene adalongedza makatoni khumi ndi awiri a zakudya n'kuwatumiziratu kumagolosale a m'mbali mwa njira, kuti awiriwo azitsika kukatenga pakatha masiku asanu aliwonse. Makatoni adafika bwinobwino. Mkulu wakeyo adamwalira kutatsala sabata imodzi kuti anyamuke. Nkhono adasiya koleji, n'kunyamuka yekha kukadya za anthu awiri.

Malemuyo ankadana ndi katundu wolemera. Mswachi adaudula chogwirira. Supuni adaiboola timabowo. Nkhono atafuna kutenga chipeso, adauzidwa kuti angometa mpala. Ndiye munthu wotere akaika mwala m'katoni, si masewera. Woyamba Nkhono adaupeza pansi pa mpunga, waukulu ngati chibakera, ndipo adalira ataukumbatira mpaka mwini golosale adamutulutsira mpando. M'katoni yachiwiri munalinso wina. Kalata munalibe, koma achimwene ake sanali munthu wa mawu ambiri. Njirayo inkathera pansonga ya phiri lalitali, ndipo Nkhono adamva uthengawo: miyala yonse ikafike kumeneko, ikaunjikidwe.

M'mawa uliwonse ankapinda tenti, kuwiritsa tiyi, kumanga matuza ndi nsanza, n'kuwerenga miyala. Masokosi ochapa mumtsinje ankauma akulendewera pachikwama. Miyala ikachuluka, zina zinkatsala. Pa mwala wachisanu adasiya bulangeti. Pa wachisanu ndi chiwiri adasiya poto, n'kumaphikira m'chitini. Bondo lakumanzere lidatupa ngati dzungu. Mwala wachinayi unali ndi nsonga yomwe inkamubaya m'nthiti tsiku lonse, monga chinkachitira chigongono cha achimwene ake ali ana pabedi limodzi. Umenewo ndiwo ankacheza nawo kwambiri, ndipo nthawi zina ankautukwana.

Tsopano phirilo linkaoneka pawindo la golosale, mtunda wa masiku awiri okha, koma mwala womaliza panalibe.

Poyamba adafunsa mwaulemu. Mayi wa golosaleyo adati katoniyo yakhala pashelefu miyezi itatu, pakati pa makandulo ndi mankhwala a makoswe, ndipo ngakhale makoswewo sadaikhudze. Nkhono sadakhutire. Makatoni ena onse ankawapeza omangidwa ndi mphira wa tayala, koma iyi yokha inali yomatidwa ndi tepi. Wina adaitsegula basi.

"Mwanangu, ine ndibe mwala?" adatero mayiwo. "N'kusiya zipatso za m'chitini?"

Mphepo idamenyetsa chitseko, n'kuulutsira mapepala okulungira buledi kunja. Mayiwo adaloza kudenga. Adati pamalata pamwambapo pali miyala yoposa makumi awiri yopsinjira, asankhe womwe wamusangalatsa, amubwerekanso makwerero. Nkhono adati sakufuna mwala wamba, akufuna wa malemu. Adamasula chikwama n'kundandalika miyala khumi ndi umodzi pakauntala, motsatana ndi momwe adaipezera. Mayiwo adayesa kuiika pasikelo ya mchere. Muvi udazungulira mpaka kumapeto n'kukakamira komweko.

Atamva za malirowo, mayiwo adasiya kuseka. Adagwada n'kufufuza pansi pa shelefu, kuseri kwa matumba a shuga, ngakhale m'ndowa ya zinyalala. Adapeza batire lakufa ndi nsapato imodzi. Nkhono adakhala pansi, msana utatsamira kauntala. Adati sakwera phirilo ndi miyala yoperewera. Achimwene ake sadamupemphepo kanthu moyo wawo wonse, ngakhale kuchipatala ankangoti ali bwino. Chinthu chimodzi chokhachi n'kulephera?

Pakhonde panali dalaiva wa lole yopanda denga yomwe inkagawa katundu m'magolosale onse a m'mapirimo. Anali atatsitsa matumba, akudya buledi. Adalowa kudzapempha madzi, koma adaima ataona chionetsero cha pakauntala. Adatola mwala wachinayi, adautembenuza, n'kuununkhiza.

"Uwu ndikuudziwa," adatero.

Nkhono adadzuka, bondo kuliiwala. Dalaivayo adati akumukumbukira bwino mnyamata wamtali wa mpata kumano, amene adamupatsa makatoniwo n'kumupempha katatu kuti asanyowe. Adafunsa kuti mnyamatayo ali bwanji masiku ano. Mayiwo adamupukusira mutu, ndipo bamboyo adavula chipewa.

"Bambo, chonde," adatero Nkhono. "Adakuuzani chiyani za miyalayi?"

"Miyalayi? Ndidaikamo ndine, achimwene. Makatoni anu anali opepuka ngati thonje, yoyamba idauluka palole kawiri. Iyi yokha sindidaitsegule, inali ndi zitini."

Nkhono adayang'ana phiri lija pawindo. Kenaka adayamba kubwezera miyala m'chikwama umodziumodzi, wachinayi kumbali ya nthiti.