Mbali ya Boma

Chala cha Pulofesa Lindqvist chidatsetsereka pa mndandanda wa ophunzira zamalamulo n'kuima.

"A Prewitt, lero ndinu loya wa boma. Munthu waba kachitatu. Tiuzeni chifukwa chake ayenera kukafera kundende."

Mnzake wa Denisha Prewitt adamugwira mkono. "Kana, iwe! Funso lankhanza limeneli, tikadandaula kwa akuluakulu."

Koma Denisha Prewitt adaimirira. Adayankhula mosadodoma, buku lili chitsekere.

"Mwakhoza," adatero Pulofesa. "Mfundo zimenezi mwaziwerenga kuti?"

"Sindidawerenge. Ndidazimva m'khoti ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, loya wa boma akunena bambo anga."

Pulofesa adavula magalasi. Denisha adatsegula kope n'kutenga cholembera.

"Tsopano ndiphunzitseni moziyankhira," adatero Denisha.