Nyali ya Pakona

"Musafufute nyaliyo, bambo," anatero mayi wina atagwira chingwe chotchingira alendo m'nyumba yoonetseramo zithunzi zakale zojambula ndi utoto.

Wokonza zithunzi zakale anaimitsa dzanja. Pachithunzipo panali sitima yapamadzi yothyoka mlongoti pakati pa namondwe, ndipo pakona pankawala kanyali ka padoko.

"Mayi, kale wojambula akathyola mlongoti ankatanthauza imfa," iye anafotokoza. "Nyaliyi anachita kuwonjezera munthu wina pofuna kutonthoza wamasiye amene anagula chithunzichi. Abwana akuti ichoke."

Mayiwo ankabwera kudzayang'ana nyaliyo chichokereni mwana wawo, yemwe anakwera boti kukasaka ntchito kutsidya kwa nyanja. Foni ya mwanayo inasiya kalekale kuitana.

"Nanga mwana wanga akafika bwanji mumdima?" anafunsa mayiwo.

Wokonza zithunziyo anacheuka. Abwana anali chilili pakhomo, manja ali m'thumba. Wokonzayo ananyika thonje m'mankhwala, n'kupukuta nyali ija. Utoto wachikasu unatsalira pathonjepo, ndipo pamene panali nyali panatulukira dzanja la munthu womira.

Mayi aja anasendera pafupi, nayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako nkhope yawo inawala.

"Mwaona, bambo? Akutibayibitsa."