Nkhope ya Mwana wa Dokotala

Madoko ankati palibe phungu amene analowapo m'nyumba ya malamulo osadzera pa makina ake. Dzinali anam'patsa ndi anthu, atatopa ndi nkhani zake za madoko akutsidya kwa nyanja, komwe anayamba ngati wosesa m'nyumba yosindikizira mabuku n'kubwerako ndi makina akeake. Ankadziguguda pachifuwa kuti anthu savotera masatifiketi, amavotera nkhope, ndipo wophika nkhopezo ndi iyeyo.

M'mawa umenewo tcheyamani wa chipani analowa thukuta lili kamukamu, moni osapereka. Sabata yapitayo anali ataitanitsa maposita onyoza loya wina wamkazi wa chipani chotsutsa, mwana wa malemu dokotala wachikaladi. Analamula kuti Madoko amuyeretse khungu mpaka aoneke mlendo. Ataona chithunzi choyesera, chisanaikidwe mawu, anaseka mpaka kutsamwa. Anati uyu ndi mzungu weniweni, madigiri ogula kunja, munthu wosadziwa ngakhale komwe amagulitsa mchere.

Lero zinthu zinali zitatembenuka. Loya uja anali atalowa chipani chawo, ndipo akuluakulu anamusankha kuti aimire dera lomwelo.

"Mudetseni, achimwene," anatero tcheyamani. "Osati ngati makala ayi. Angofanana ndi azakhali anu."

Madoko anaseka mokweza, nati ntchito yotere anaigwirapo m'mayiko amene lilime la tcheyamani silingathe kuwatchula. Analowa m'chipinda cha makina n'kutseka chitseko. Kuseka kunathera pomwepo.

Pakhoma, pamwamba pa zitini za inki, nkhope ya dokotala inali itatulukanso. Zaka zapitazo, dokotalayo ataima pa chisankho, Madoko anamuyeretsa pamaposita mpaka milomo. Anachita zimenezi kwa munthu amene anamusoka dzanja makina atalitafuna. Anthu omwe dokotalayo anawalandira ndi manja ake pobadwa anagenda chipatala chake, akukuwa kuti azipita kwawo. Kwawoko kunali kuseri kwa msika. Dokotalayo anatseka chipatala, ndipo posakhalitsa anamuika m'manda.

Posita imodzi ya dokotalayo wantchito wa Madoko anaimata pakhomapo potseka mng'alu. Madoko anaipala, anaipaka penti, anaipakanso. Koma chinyezi chikangobwera maso aja ankabwerera, otuwa, osaphethira.

Anayala nkhope ya mwana patebulo. Maso ake anali omwewo. Anatsegula chitini cha inki yakuda ndi dzanja lachipsera lija, fungo likumukwera kumutu. Kunja tcheyamani ankagogoda tebulo ndi makiyi a galimoto. Madoko anadina batani, makina n'kuyamba kulira.

Madoko atatuluka ndi chithunzi, tcheyamani anachilanda n'kupita nacho pawindo. Anachiyang'ana nthawi yaitali akugwedeza mutu. Anati tsopano magazi akuoneka, mphumi iyi ndi yakwathu. Ndani m'dera lonse ali ndi madigiri ngati amenewa? Mayi wodziwa malamulo, wodziwa mavuto a anthu. Wompikisana naye akangomuona, angopita kukaweta mbuzi.

"Manja anuwa ndi aufiti, achimwene. Mwathirapo yochuluka bwanji?"

"Yokwanira."

Tcheyamani anadikira nkhani ya madoko, koma sinabwere. Anapinda chithunzicho mosamala ngati cha mlongo wake, nalamula kuti maposita adzaze makoma onse, n'kutuluka akuimba mluzu.

Madoko anabwerera m'chipinda muja n'kutseka chitini. Anakweza maso kukhoma, nawasiya pomwepo.

Makina aja analira opanda pepala. Chithunzi chimene tcheyamani ananyamula chinali chomwe chija anachiseka sabata yapitayo, ndipo ngakhale sabata imeneyo Madoko sanachiyeretse. Kwa dokotala anabweza chimene akanatha: mwana wake monga anabadwira, osachotsapo kapena kuwonjezapo dontho ngakhale limodzi.