Mlatho Wopindika Popanda Katundu

Anzake ankamutcha Injiniya, ngakhale mtsikanayo anali m'chaka choyamba chabe pakoleji. Dzuwa litalowa kale, anakumbukira kuti sanamalize kumata mlatho wake wa timitengo. M'mawa mwake aphunzitsi ankadzaupachika zitsulo zolemera, ndipo kuthyoka msanga kwa mlathowo kunatanthauza kuti chaka chonse chalowa m'madzi.

"Achemwali, sukulu yake iti mdima uno?" anatero mlonda pomutsegulira chipinda choyeseramo zinthu. "Chitani changu, ine ndili pakhomo pompano."

Mlathowo unali pomwe anausiya, utagona pakati pa matebulo awiri. Anakhala pabenchi n'kutsegula guluu. Apo m'pamene anamva kaphokoso kuti kwee, n'kuona kuti mlatho wapindika cha kutsidya. Anasuzumira kunsi kwake, koma kunalibe chopachikidwa chilichonse. Masamu onse amene anaphunzira ankanena chinthu chimodzi, kuti mtengo supindika popanda choulemera.

Kupindikako kunayamba kusuntha pang'onopang'ono, kamtengo ndi kamtengo, ngati wina akuwoloka mosamala.

"Bambo alonda!" anaitana mtsikanayo. "Mwagwedeza tebulo ndinu kodi?"

"Ine ndili kuno kumpanda, mwanangu!" Mawuwo anamvekera kutali zedi.

Kupindika kuja kunadutsa pakati, kunafika mbali yake, kenaka mlatho unawongoka bwinobwino. Mtsikanayo anausa moyo, nati kaya zatha. Pomwepo benchi imene anakhalapo inalira, thabwa lake n'kutsika pang'ono pambali pa ntchafu yake.