Chimfine cha Bambo Mhango

Kapepala koyezera kanasintha mtundu dontho litangokagwera. Mayi wa ku labu anayang'ana NyaGondwe.

"Madzi akudontha m'mphuno mwa amuna anuwa ali ndi shuga. Mamina sakhala choncho. Anagwapo?"

"Anagwa padenga ku Biwi mwezi watha, koma anadzuka okha. Ndi chimfine basi, ndikuwamwetsa mandimu."

"Timipango tawo topukutira m'mphuno timauma gwa?"

NyaGondwe anakumbukira momwe tinkafewera, iye n'kumakondwa kuti sitivuta kuchapa.

"Ayi."

"Akuoneka kuti ndi madzi a mu ubongo, mayi, mwina chigaza chinang'aluka atagwa paja. Dikirani adokotala."

Pabenchi panja, Bambo Mhango anali gone, thupi lili moto, khosi litauma, osamuzindikiranso mkazi wawo. NyaGondwe anapanira chikwama chake pachifuwa. Munali mandimu ena asanu amene anagula m'mawa pamsika wa Kawale.