Magetsi a Goodman a Pansi pa Kabati

Panali munthu wina ku Mkhumba, m'boma la Phalombe, dzina lake Goodman. Anali mkamwini, ndipo chimamupweteka n'chakuti abale a mkazi wake ankamutenga ngati mlendo wongodutsa. Ankafuna kuchita chinthu choti mudzi wonse umupatse ulemu.

Tsiku lina anaona pafoni khitchini ya kumayiko akunja yokhala ndi timagetsi pansi pa makabati. Mtima unagwa pomwepo. Makabati anali nawo, batire la sola analinso nalo. Anagulitsa mbuzi n'kuuza mkazi wake Selestina kuti ntchitoyi aigwira yekha.

Selestina anamupempha kuti ayambe wafunsa odziwa za magetsi, awerengere zonse zofunika asanagule kanthu. Goodman anangoseka.

Kusitolo wogulitsa anamuyalira zofunika: timagetsi ta lamba, waya wokhuthala, paipi yobisamo waya, ndi fyuzi yodula moto zikavuta. Ndalama ya mbuzi imakwana zonsezi bwinobwino. Koma maso a Goodman anagwera pa timagetsi todula, tosintha mitundu ndi rimoti.

"Mukatenga amenewo, ya fyuzi ndi paipi sitsala," anatero wogulitsa.

"Fyuziyo alendo adzaiona?" anafunsa Goodman.

Anatenga a rimotiwo. Waya anagula wopyapyala kwa munthu wina wosamudziwa pamsika. Kunyumba anaulumikiza kubatire mwachindunji, n'kuudutsitsa kuseri kwa makabati uli pamtunda, wopanda paipi.

Kunena zoona, zinakongola. Anthu ankabwera kudzaona khitchini ikusanduka yofiira, kenako yobiriwira. Ngakhale apongozi ake, mayi Anastazia, anayamba kumutchula kuti bambo. Chikhulupiriro chitakula, anabweretsa mpunga wawo wonse umene anakolola kudambo la Chilwa, wakudya ndi wambewu womwe, kuti usungidwe m'khitchinimo poopa akuba.

Koma mpunga suyenda wokha, makoswe amautsatira. Selestina anaona waya wotafunidwa kuseri kwa matumba, n'kumuuza mwamuna wake. Goodman anangokulunga ndi pepala la pulasitiki, akuti akonza mwezi ukatha.

Lamlungu lina onse ali kutchalitchi, mawaya aja anakhudzana. Panalibe fyuzi yoti idule moto, ndipo khitchini inayaka. Pamene anthu amafika ndi zidebe, denga linali litagwa kale. Mpunga unanyeka mpaka tsiku lotsatira, fungo lake lili ponseponse m'mudzimo. Mayi Anastazia sanalire mokweza ayi, anangokhala pansi n'kumayang'ana phulusa. Zinali zomvetsa chisoni kwambiri.

Abale atakhala pansi, a Kaliati, malume ake a Selestina, anamufunsa Goodman ngati panali wina amene anamuchenjezapo. Goodman anayang'ana mkazi wake, mkazi wake n'kuyang'ana kumbali. Kenako Goodman anavomera.

"Ndiye palibe zambiri," anatero a Kaliati. "Tengani zanu muzipita kwanu."

Goodman anaimirira n'kupisa m'thumba. Pa zonse zimene anali nazo pamudzipo, chimene chinatsala chinali karimoti kaja.

Phunziro: Pokonza bajeti, yambani ndi zimene zimateteza moyo ndi nyumba, zokongoletsa zibwere pambuyo. Fyuzi sioneka, koma ndi imene imasunga zonse zooneka. Za magetsi funsani odziwa, musadzamve nkhwangwa ili m'mutu. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka aja amati "ndipanga ndekha".